Za mpatuliro womaliza pamndandanda wa Chingerezi

Achimwene, mwafunsa ngati muike mpatuliro musanalembe "and" m'kalata yanu yofunsira ntchito. Njira zonse ziwiri n'zololedwa. Kuno ku Malawi tinatengera kalembedwe ka ku Britain, komwe ambiri sauika, ngakhale osindikiza mabuku a Oxford University Press amauika, n'chifukwa chake umatchedwa Oxford comma. Ku America mabuku ambiri amaugwiritsa ntchito.

Ineyo ndimauika. Mtsikana wina amene ndinkamuphunzitsa ku Santhe analemba kuti "I thank my parents, the chief and the pastor." Nditawerenga mokweza, kalasi yonse inamva ngati bambo ake ndi amfumu, mayi ake ndi abusa, pomwe mwanayo ankathokoza anthu anayi. Titaika kampatuliro pambuyo pa "chief", nkhani inayera.

Si zachibwana ayi. Ku Maine, chigawo china cha ku America, kampani ina ya mkaka inavomera kulipira madalaivala ake madola 5 miliyoni mu 2018 chifukwa lamulo la ovataimu linalibe mpatuliro umenewu.

M'kalata yanuyo, mukauika m'ndime yoyamba, muuikenso mpaka kumapeto. Wowerenga amaona msanga mukasakaniza.