Kodi Chisi ndi phiri lophulika? Yankho kwa aphunzitsi a ku Lilongwe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa pa sekondale ina ku Lilongwe. Akuti anaona zithunzi za Central Island, chilumba cha pakati pa nyanja ya Turkana ku Kenya, chimene chili ndi tinyanja titatu m'maenje a phiri lophulika, ng'ona zili mbwee m'mphepete. Mnzawo wina ndiye anawauza kuti nafenso tili nacho chilumba chathu chotere, cha Chisi, pa nyanja ya Chilwa. Funso lawo linali lakuti: "Kodi n'zoona kuti Chisi ndi volokano? Ndikapita, dzenje lake ndikaliona? Nanga ndingakafike bwanji, poti inu muli ku Zomba komweko?"

Aphunzitsi, mnzanuyo sananame, koma dzenje lofuka utsi simukalipeza. Ndanena izi poyamba chifukwa ndikufuna mupite ndithu, koma mupite mukudziwa chimene maso anu akafunefune.

Chisi ndi tsinde la phiri lophulika limene linazima kalekale, zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, m'nyengo ya zinyama zikuluzikulu zija mafupa ake anafukulidwa ku Karonga. Pamwamba pake ponse panaperepeseka ndi mvula ndi mphepo. Chimene chinatsala ndi kum'mero kwake, njira imene chiphalaphala chinkadzera pokwera, ndipo pamenepo mpamene lero anthu amanga nyumba ndi kulima minda. Ku Turkana mlendo amasuzumira m'kamwa mwa phiri. Ku Chisi mumayenda m'kati mwake mwenimweni, ndipo kwa ine chimenechi n'chachikulu kuposa utsi.

Mwala wake ndi umene unatchukitsa chilumbachi. Akatswiri amautcha carbonatite. Miyala yambiri yochokera ku chiphalaphala ndi yamtundu wa nsangalabwi ndi mchenga, koma uwu ndi wachibale wa mwala wa laimu. Kale anthu ophunzira ankakhulupirira kuti laimu amapangika pansi pa madzi basi, kuchokera ku zigoba za tizilombo, osati pamoto. Frank Dixey, amene ankatsogolera ofesi yofufuza za miyala m'nthawi ya Nyasaland, anauyeza mwala wa ku Chisiwu pamodzi ndi anzake n'kulemba za iwo mu 1937, ndipo Chisi chinakhala amodzi mwa malo oyambirira mu Africa kumene mwala wotere unadziwika kuti unachokera pansi penipeni uli wosungunuka. M'mabuku awo amalemba kuti Chilwa Island, musasokonezeke, n'chimodzimodzi. Abale ake ndi Tundulu ndi Songwe ku Phalombe, komanso Kangankunde ku Balaka, mapiri amene mukuwamva pa nkhani za migodi masiku ano. Padziko lonse phiri limodzi lokha ndi limene likulavulabe chiphalaphala chamtunduwu, Ol Doinyo Lengai ku Tanzania.

Mutenge ndimu m'chikwama. Ine nditapita, ndinatola mwala wotuwira m'mbali mwa njira yokwera phiri, n'kuuswa, n'kukanda pang'ono ndi msomali mpaka patatuluka ufa, kenako ndinafinyirapo ndimu. Tithovu ting'onoting'ono tinayamba kutuluka, ndipo nditauika kukhutu ndinamva kuti tsii. Ana awiri amene ankanditsatira kuchokera padoko analanda ndimuyo n'kuyamba kuyesa mwala uliwonse. Wina unkachita thovu, wina ayi, ndipo iwo okha anayamba kukangana kuti n'chifukwa chiyani. Mukamalowera pakati pa chilumba mudzaonanso mtundu wa miyala ukusintha, kuchoka potuwa kupita kofiirira mpaka kodera, chifukwa pakatikati pali chitsulo chambiri. Miyalayo inayalana mozungulira ngati mizere ya anyezi wodula pakati.

Tsopano za ulendo. Kuchokera m'tauni ya Zomba mumakhotera pa Matawale, n'kudutsa ku Ndege, kulunjika kum'mawa mpaka padoko la Kachulu, mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Kuli matola ndi njinga zamoto za kabaza. Dothi la kufupi ndi nyanja ndi makande, ndiye m'dzinja ngakhale galimoto yamphamvu imatha kutitimira. Nyamukani m'mamawa.

Pa Kachulu mpamene ulendo umachoka m'manja mwanu, n'kukhala m'manja mwa nyanja. Chilwa si nyanja ya Malawi. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi Sombani imathira momwemo, koma madziwo amachoka ndi dzuwa lokha, n'chifukwa chake ndi amchere pang'ono, amatope, komanso osaya, malo ambiri mamita awiri osakwana. Mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagona pamatope ong'aluka pa Kachulu pomwepo. Itadzaza ndi mvula ya namondwe Freddy mu 2023, madzi anafika pamene anthu anali ataiwala kuti amafika. Ndiye musananyamuke ku Lilongwe, funsani munthu wa kuno kuti doko lili pati chaka chino.

Pali maboti a injini onyamula anthu ndi katundu, palinso mabwato amene amawakankha ndi nsungwi yaitali yofika pansi. Kwerani la injini, mtengo mugwirizane musanakwere, ndipo mukaona ladzaza mopyola, dikirani lina. Kusaya kwa nyanjayi kusakupusitseni. Mwera ukaomba m'miyezi ya Juni ndi Julayi, mafunde ake ndi aafupiafupi, omenya motsatizana, ndipo pansi pake ndi matope oti munthu sungaimepo. Woyendetsa akati lero sitiwoloka, musamuumirize.

Poyamba mumadutsa m'kanjira ka pakati pa njedza, udzu wautali uja umene wazinga nyanja yonse. Mukatulukamo, dziko limatseguka, Chisi chili poteropo, phiri la Zomba kumbuyo kwanu, Mulanje kum'mwera ngati kunja kwayera. Mudzaona akakowa, avuwo, atsekwe ndi mbalame zina zochokera kutali, zimene zinachititsa kuti UNESCO, nthambi ya bungwe la United Nations, iike dambo la Chilwa m'gulu la malo otetezedwa mu 2006. Mudzaonanso zimbowera, timisasa ta asodzi tomangidwa pa njedza zoyandama, mmene amakhalamo masabata osaponda kumtunda, akusaka matemba, makumba ndi milamba. David Livingstone anafika m'mbali mwa nyanjayi mu 1859 n'kuilemba kuti Shirwa, koma anapeza anthu akudya za m'madzi amenewa kale.

Apa ndiye pali mawu anga aakulu. Central Island ija ndi paki ya boma, eni ake ndi ng'ona ndi mbalame. Chisi ndi mudzi wa anthu, dera la mfumu yaikulu Mkumbira, kuli sukulu, chipatala chaching'ono, matchalitchi, mizikiti, minda ndi manda. Mukatsika m'boti musathamangire kuphiri. Pitani kaye mukaonekere kwa amfumu a mudzi umene mwafikira, munene chimene mwadzera, mupemphe munthu wokuperekezani, ndipo munthuyo mumulipire bwino. Iye ndi amene akudziwa njira yodutsa pakati pa milambe, ndi malo amene mlendo sayenera kupondapo. Musajambule munthu musanamupemphe, makamaka amayi amene akuyanika matemba pathandala. Anthu a pachilumbachi aona alendo ambiri obwera ndi makamera ndi mafunso nyanja ikaphwa kapena kolera akabuka, n'kupita osabweranso. Inu mukhale pansi, mumve zawo, mugule nsomba zawo.

Madzi akumwa munyamule anuanu okwanira tsiku lonse, ndipo m'nyanjamo musasambe chifukwa cha likodzo. Chipewa, nsapato zolimba, ndi neti ngati mukagone, poti udzudzu wa ku Chilwa ndi wosasewera nawo. Malo ogona ngati a ku Cape Maclear musawayembekezere. Ulendo woyamba ndi bwino kubwerera tsiku lomwelo, ndipo woyendetsa boti mupangane naye nthawi yodzakutengani musanasiyane.

Amfumu akalola, tengani timiyala tiwiri, kotuwa ndi kodera, kokwana m'dzanja. Mukabwerera ku Zomba mukadutse nato ku ofesi yofufuza za miyala ya Geological Survey, imene likulu lake lili m'tauni momwemuno, akakuuzeni dzina la kalikonse. Ndimu ina mukagule ku Lilongwe komweko, ana anu akafinyire okha m'kalasi.