Mwamuna wanga ndi mlakatuli, m'nyumba mulibe ndalama

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chinamwali kuno ku Zomba. Bambo a kunyumba ndi mphunzitsi wa kupulayimale, koma mtima wawo wonse uli pa ndakatulo. Amadzuka 4 koloko m'bandakucha, n'kukoleza mbaula, n'kutereka tiyi wa masamba a ndimu, kenako amakhala pakhonde ndi kope mpaka kunja kuyera. Akaweruka amathirira mpiru ndi tomato kuseri kwa nyumba, ndipo Loweruka amakwera wapansi njira ya ku Mulunguzi, ati kukaganiza. Samwa mowa, sanandimenyepo. Koma anzawo omwe anayamba nawo ntchito ali ndi njinga za kabaza, ife tikadali m'nyumba ya lendi. Akawaitana kukalakatula paukwati amabwerako ndi botolo la Fanta ndi mawu oti "tidzakuonani". Alamu anga, akulu awo, amabwera mwezi ukatha kudzabwereka ndalama zomwe sabweza, ndipo pochoka amandiuza kuti ndinakwatiwa ndi wamisala. Ine ndimagulitsa zitumbuwa pamsewu, moti tsiku lina mapepala atandithera ndinathothola m'kope lawo lakale n'kukulungira. Sanayankhule kanthu, kungoti masiku ano sandiwerengeranso madzulo ngati kale. Ndiwauze bwanji kuti asiye zamasewerazi ayambe geni?

Mayi wa ku Chinamwali

Mayi,

Za alamu anu sinditayapo nthawi. Munthu amene amadya malipiro a mng'ono wake kenako n'kumutcha wamisala alibe mawu m'banja mwanu. Mugwirizane ndi bambo kuti ngongole yatsopano kulibe mpaka yakale ibwere. Owauza akhale bambowo, osati inu, ndipo akachita makani nkhaniyo ipite kwa ankhoswe.

Chandiimitsa ine ndi chomwe mwachiika kumapeto, ngati munthu wobisa mbale yosweka pansi pa zinzake. Munathothola kope, ndipo kuyambira tsikulo bambo sakuwerengeraninso. Mwalemba kuti "sanayankhule kanthu". Anayankhula, mayi. Munthu amene ankakuwerengerani madzulo aliwonse akatseka kope n'kuliika pansi pa pilo, ndiye kuti wanena zonse. Munalakwa, ndipo ndikukuuzani mosapsatira. Masamba aja sanali ngati nyuzipepala yakale yomwe ina ili kwa aneba. Ndakatulo yolemba pamanja imakhala imodzi yokha padziko, ndipo nthawi zambiri mwini wake sangaibwereze mzere ndi mzere, chifukwa amakhala ataifufuta ndi kuikonza kangapo mpaka mawu atakhala pamalo pake. Zomwe zinapita ndi mafuta a zitumbuwa mwina inali ntchito ya miyezi.

Pali chinthu chimene ndimachikhulupirira ndi mtima wonse, ndipo mundipirire ndichinene mokwanira. Ndakatulo ndi ya khutu. Ngakhale mawu athu amanena zomwezo: timati kulakatula, ndipo wolakatula amafuna womumvera. Mlakatuli akalemba m'bandakucha sadziwa ngati mzere wakhala bwino mpaka atautulutsa pakamwa, wina ali pompo. Ndi pamene amamva kuti apa mpweya wandithera pakati, apa mawu awiri akugundana, apa womvera wayang'ana kumbali. Alembi a ku Chancellor College ankazidziwa zimenezi. Gulu lawo la Writers' Group, lomwe linayamba mu 1970 kolejiyo isanasamukire kuno ku Zomba mu 1973, ntchito yake inali kukumana, wina awerenge, anzake amudzudzule. M'gulu limenelo munali Jack Mapanje, amene anamangidwa mu 1987 n'kukhala kundende ya Mikuyu mpaka 1991, ndipo ndakatulo zambiri za m'ndendemo ankazisunga m'mutu. Uyo anamulanda pepala ndi boma. Bambo a kwanu pepala lawathera m'nyumba mwawo momwe, m'manja mwa munthu amene anamusankha kuti akhale woyamba kumva.

Taganizirani chimene chinkachitika pakhonde lanu madzulo. Ana adya, inu mukusankha nyemba za mawa kapena mukusadzula nkhwani, nkhungu ikutsika m'phiri, makala akuzilala m'mbaula, mwamuna wanu akukuwerengerani zomwe sanauzepo munthu. M'makalata amene ndimalandira, amayi ambiri amalira kuti mwamuna akaweruka amathera ku bawo kapena kumowa, akafika amangodya n'kugona, mwezi n'kutha osacheza. Inu muli ndi mwamuna amene mukudziwa komwe ali 4 koloko m'mawa ndiponso 7 koloko madzulo, amene amakupezetsani moto uli wokoleza kale pomwe mukudzuka kuti mukazinge, amene ndiwo zamasamba amazitulutsa kuseri kwa nyumba. Mwazilemba zonsezi pamndandanda wa madandaulo. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Njinga za anzawo mukuziona zikudutsa pamsewu, koma simudziwa ngongole yomwe ili kumbuyo kwake, kapena ngati m'nyumbamo anthu amayankhulana.

Sindikunena kuti tiyi wa ndimu amalipira lendi. Nkhawa yanu ya ndalama ndi yoona, ndipo apa bambo nawonso ali ndi mlandu. Kubwerako ndi Fanta paukwati ndi ulesi wa pakamwa: amachita manyazi kutchula mtengo. Vuto limayambira poti amavomera ntchito asanagwirizane, ndiye tsiku laukwati likafika komiti ili kakasi ndi za DJ, za keke ndi za holo, mlakatuli aiwalika. Akaitanidwa, mtengo utchulidwe tsiku lomwelo, asanalembe mzere ngakhale umodzi. Theka lilipiridwe patsogolo kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba kuti uthenga ukhale umboni, theka linalo alandire asanagwire maikolofoni. Ndalama yoyendera ikhale yapadera, makamaka kukakhala kutali ngati ku Jali, Thondwe kapena Domasi. Eni mwambo apereke mayina, mifunda ndi midzi ya mbali zonse ziwiri kutatsala sabata, chifukwa ndakatulo yotchula anthu ndiyo imadzutsa azakhali ndi amalume kudzafupa, ndipo agwirizaniretu kuti zofupazo ndi za ndani. Isapitirire mphindi zisanu. Ikatalika anthu amayamba kucheza, ndipo amene akanamuitana kuukwati wotsatira amasintha maganizo. Ngati ali ndi ndakatulo zojambulitsa zimene akufuna ziziulutsidwa pa wailesi, akalembetse kubungwe la COSOMA, lomwe limateteza umwini wa ntchito za alembi ndi oyimba. Inu ndinu wa geni, mumadziwa kukana wongongola. Ngati bambo pakamwa pamawalemera, foni yokambira mtengo izikhala yanu. Koma musayembekeze kuti ndakatulo zigula njinga chaka chino. Zidzathandiza sopo, shuga, makope a ana. Msana wa nyumba ukhalabe malipiro ndi zitumbuwa zanu, bola alamu asiye kuboola thumba.

Zonsezi musaziyambe musanakonze zomwe munaononga, chifukwa mukayamba ndi ndalama bambo adzamva kuti mwangopeza njira ina yogulitsira mapepala awo. Sankhani madzulo ana atagona. Musanene kuti "mwina ndinalakwa", ndipo musatchule kuti mapepala anali atatha. Nenani kuti munathothola kope, mwazindikira chimene munataya, mukupepesa. Afunseni kuti munali ndakatulo zanji. Mwina akhala chete, mwina mkwiyo womwe anaumeza utuluka tsiku limenelo. Mulole utuluke.

Kenako kupepesako kuoneke ndi maso. Zomba ndi yachinyezi: mvula kuyambira Novembala mpaka Epulo, kenako chiperoni mu Juni ndi Julayi. Makope osungidwa m'katoni pansi pa bedi amachita nkhungu, masamba amamatana, chiswe chimalowera pansi, makoswe ndi mphemvu zimamaliza zotsala. Gulani chidebe chapulasitiki cha malita 20 chokhala ndi chivindikiro chothina, kapena sutikesi yachitsulo. Makope muyambe mwawayanika pamthunzi tsiku lopanda mitambo, otsegula, osati padzuwa chifukwa mapepala amapindika ndipo inki imafwifwa. Mukawatsekera ali a chinyezi, chidebecho ndicho chiwaoletse. Muikemo makala owuma ochepa omanga m'kansalu kuti azikoka chinyezi, ndipo muziwasintha mwezi ukatha. Chidebe chikhale pa njerwa ziwiri, chosagunda khoma. Mwana wamkulu ajambule tsamba lililonse pafoni masana pakhonde, n'kutumiza zithunzizo kwa wachibale wodalirika, kuti foni ikabedwa zisapite nazo. Zokulungira zitumbuwa mugule mapepala oyera, pakuti ngakhale inki ya bolopeni si yoti izikhudza chakudya chamafuta chotentha.

Chomaliza n'chovuta kuposa chidebe. Musawapemphe kuti "muzindiwerengeranso", ayi, adzayesa mukungowasangalatsa. Kumbukirani ndakatulo imodzi mwa zomwe anakuwerengeranipo, ngakhale mzere umodzi wokha, muitchule, muwauze kuti mukufuna kuimvanso. Akayamba, ikani pansi lichero. Pomwe simunamve, funsani. Pomwe sipanakukomereni, nenani, chifukwa mlakatuli amazindikira msanga womuyamikira mwa ulemu chabe. Akakana tsiku loyamba, mawa lake 4 koloko mudzuke nawo, mutenge kapu yanu, mukakhale pakhondepo osayankhula kufikira kunja kuyere.

Azakhali