N'chifukwa chiyani maposita a mafilimu a ndewu amafanana?

Mnyamata wina wa ku Katete wandilembera imelo. Iye ndi anzake ajambula filimu yaifupi ya ndewu, ndiye akufunsa kuti: "Maposita a mafilimu otere amangokhala ngati anajambula munthu mmodzi. Kodi ndi ulesi? Nafenso titsatire zomwezo?"

Ayi achimwene, si ulesi. Posita imapikisana ndi phokoso la mumsewu. Munthu wodutsa pa njinga ku Kapata, m'tauni ya Chipata, amangoiponyera diso kamodzi, ndipo pompo ayenera kudziwa kuti muno muli nkhonya ndi kuthamangitsana. N'chifukwa chake stelingi amaima pakati, wamkulu kuposa onse, chida chili m'manja, moto ukulilima kumbuyo. Onani posita ya Rambo yachiwiri, ya mu 1985: Stallone ali chifuwa pamtunda, chida kumanja, malawi kumsana. Ngakhale wosadziwa kuwerenga amamva nkhani yonse.

Mitundunso ili ndi ntchito. Lalanje wa moto akagundana ndi buluu, munthu wapakatiyo amatumphuka, amaonekera patali. Mdani nthawi zambiri amamuika m'mwamba, nkhope yaikulu ili mumdima.

Mafilimu a maulendo oopsa, monga a Indiana Jones, ali ndi kachitidwe kawo, ndipo ine ndimakakonda kwambiri. Richard Amsel anajambula pamanja posita ya Raiders of the Lost Ark mu 1981, Drew Struzan n'kudzajambula za mafilimu otsatira. Mtundu wake ndi wa dothi ndi golide, nkhope zosanjikizana, ngati chithunzi chakale chimene chayenda mitunda.

Za maina musavutike nazo. Ku Hollywood ndondomeko ya maina a ochita filimu pa posita imalembedwa m'mapangano. Mu 1974, pa The Towering Inferno, dzina la Steve McQueen linaikidwa kumanzere koma m'munsi pang'ono, la Paul Newman kumanja koma m'mwamba, kuti pasakhale wooneka wochepa.

Tsono inu tengani mafupa okha: munthu mmodzi, chinthu chimodzi choopsa, dzina la filimu lowerengeka. Koma chonde musabe nyumba zosanja za ku New York ndi helikopita zimene mulibe mufilimu yanu. Woonera akanamizidwa sabweranso. Ngati ndewu yachitikira m'munsi mwa phiri la Mphangwe, phirilo lioneke. Ngati stelingi wanu amamenya ndi mpini wa khasu, augwire mpiniwo. Mukamaliza, ichepetseni pa foni ngati kachithunzi ka pa WhatsApp, muonetse munthu amene sadziwa nkhaniyo, mumufunse kuti filimuyi ikukamba za chiyani.