Ndili pachikamwini: ana anga ndidzawasiyira chiyani?

Bambo wina wa kufupi ndi ku Bembeke watumiza funso pa imelo. Iye ali pachikamwini, ali ndi mtsikana wa zaka 14 ndi mnyamata wa zaka 10. Munda umene amalima ndi wa kuchikazi, ndipo pakagwa nkhani yokhudza anawo, amene amayamba kufunsidwa ndi atsibweni awo. Funso lake ndi lakuti: "Ine monga bambo, changa nchiyani? Ana amenewa ndingawaphunzitse chiyani choti adzandikumbukire nacho, poti ngakhale dothi lomwe ndapondapo si langa?"

Bambo, funso lanu lili m'mitima ya amuna ambiri ku Dedza ndi ku Ntcheu, kungoti salitulutsa. Nzoona kuti pa mwambo wa Achewa mwinimbumba ndi mlongo wake wa mayi, ndipo zaukwati, zamaliro ndi zamalo zimadzera kwa iye. Koma atsibweni sadzuka m'nyumba mwanu. Amene mwana amamuona tsiku ndi tsiku akunola khasu, akuwerenga ndalama, akuyankhula ndi mayi ake, ndinu. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 nalonso limaika udindo wodyetsa, kuveka ndi kuphunzitsa mwana pa makolo ake omubereka. Choncho musadzichepetse.

Langizo langa ndi ili: mwana aliyense mumpatse chinthu chakechake choti asamale, inu muzimuyang'anira. Malangizo apakamwa okha amauluka ndi mphepo.

Mnyamata wa zaka 10 yambani naye ndi nkhuku imodzi yathadzi, ndipo mumuuze pamaso pa mayi ake kuti nkhukuyo ndi yake. Ikayamba kufungatira, muisiyire mazira osapitirira 10 kapena 12, chifukwa akachuluka thadzi limalephera kuwafunditsa onse ndipo ena amasukusa. Mwanayo alembe chizindikiro ndi khala pa dzira lililonse, kuti nkhuku ina ikaikira m'chisa chomwecho adziwe lochotsa. Awerenge yekha masiku 21. Anapiye ambiri amafa m'masabata oyambirira chifukwa cha kuzizira, akabawi ndiponso kumira m'madzi akumwa. Muwavundikire m'dengu lalikulu pamodzi ndi make, muziwapatsa gaga, ndipo m'mbale yamadzi muikemo timiyala. Chitopa chikabwera chimasesa khola lonse, ndiye mumutenge mwanayo popita kwa alangizi a ziweto kukafunsa katemera wa I-2, uja wodonthetsera kadontho kamodzi m'diso miyezi inayi iliyonse. Nkhukuyo agwire ndi iyeyo pomwe akuidonthetsera.

Pamene abambo ambiri amalakwitsa ndi apa. Kwabwera alendo, ndiwo palibe, bambo angoti "gwirani tambala uyo," osafunsa mwini wake. Tsiku limenelo mwana amaphunzira kuti mawu a bambo ake ndi ongonena, ndiponso kuti wamkulu akhoza kutenga cha wamng'ono. Ngati mwapanikizika, muitaneni pambali, mumupemphe, mugwirizane mtengo, ndipo mumulipiredi pa tsiku limene mwanena. Zimaoneka ngati zachibwana bambo kugula nkhuku kwa mwana wake, koma ndi pamenepo pamene amaphunzirira kuti ngongole imabwezedwa.

Mtsikana wa zaka 14 musamusiyire mayi ake okha. Pachikamwini, amene adzatsale pamalopo nadzalima munda umenewo ndi iyeyo, pomwe mnyamata mwina adzapita kwa eni monga munachitira inu. Mugwirizane ndi mayi ake, mumudulire kagawo ka mbatata ya kachewere: mizere isanu yotalika mamita 10 ndi yokwanira. Mizereyo italikirane masentimita 75, mapando masentimita 30, kutanthauza kuti pakufunika mbewu pafupifupi 165. Asankhe yekha mbewu yaikulu ngati dzira la nkhuku, yotuluka maso olimba, yopanda mabala. Musabzale pamene chaka chatha panali kachewere, tomato kapena fodya, chifukwa matenda ofotetsa mbewu amatsalira m'nthaka. Mbewu ikakula akwezere dothi, popeza mbatata yoonekera padzuwa imabiriwira ndipo sidyeka, wogula amaikana.

Kuno kumapiri nkhungu ndi mvula yamawawa zimabweretsa chiwawu, ndipo masamba amada m'masiku ochepa. Mankhwala monga Dithane amateteza, sachiza, choncho amapoperedwa matenda asanalowe. Kupoperako ndi ntchito yanu, osati ya mwana. Iye aziyendera mizere m'mawa ndi kukuuzani akaona madontho akuda pamasamba. Pakatha miyezi itatu kapena inayi, dulani mitengo yake ndi kudikira masabata awiri musanakumbe, kuti khungu likhwime lisasupuke m'thumba.

Chida chachikulu pantchito yonseyi ndi kope. Tsamba lakumanzere alembe zonse zolowa: mbewu, feteleza, mankhwala, thumba, ngakhale ndalama ya njinga yonyamulira katundu. Lakumanja alembe zimene wagulitsa. Alimi ambiri akuluakulu amasangalala ndi mpukutu wa ndalama pa tsiku la msika osadziwa kuti agulitsa moluza, chifukwa sanalembepo kanthu. Pokagulitsa, kaya ndi m'mbali mwa msewu wa M1 pa Bembeke kapena pa Lizulu, mupite naye Loweruka kapena patchuthi, ndipo pokambirana mtengo ndi mavenda inu mukhale chete. Adzagonja msanga ulendo woyamba. Musamudzudzule pagulu, mukambirane pobwerera, kope lili m'manja. Chimodzi chokha musalole: kuika zikuluzikulu pamwamba pa ndowa, zing'onozing'ono ndi zoola pansi. Ngati inuyo mumatero, yambani mwasiya, chifukwa iye akuona.

Ndalama ikabwera igawidwe patatu: ya mbewu ndi feteleza wa ulendo wina, ya zofunika kusukulu, ndi yake yoti agule chimene akufuna. Gawo lachitatuli musaliiwale, ngakhale litakhala lochepa. Mwana amene amalima koma osalawa phindu amadana ndi khasu.

Pali ngozi imodzi: mwana akalawa ndalama ya msika amayamba kuona sukulu ngati yochedwetsa. Lamulo likhale lakuti ntchitoyi ndi ya kumadzulo ndi Loweruka, ndipo akajomba kusukulu chifukwa cha munda, mundawo mumulanda. Kumapeto a teremu iliyonse muone lipoti lake ndi maso anu, ndipo kumsonkhano wa makolo muzipitako nokha, osangotuma mayi. Za chinamwali zili ndi eni ake, anamkungwi ndi akuchikazi. Koma wina akabwera ndi nkhani ya ukwati mtsikanayo asanakwane zaka 18, pamenepo muli ndi mawu: lamulo la maukwati la 2015 likuletsa, ndipo malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana.

Atsibweni musalimbane nawo. Musanadule kagawo kamunda kaja, pitani mukawadziwitse inu ndi mayi a ana, kuti mawa pasadzamveke zoti mkamwini wayamba kugawa malo a eni. Ambiri akauzidwa mwaulemu amavomera, ena amaonjezapo ndi mbewu. Ndipo ana asamamve inu mukunyoza kwawo kwa mayi awo mukapsa mtima. Kwanu nakonso muziwatengerako, akadziwe agogo ndi azakhali awo, adziwenso mfunda wanu.

Pa zodzawasiyira: munda wa kuchikazi simungaulembe mu wilu, poti si wanu. Koma mbuzi, njinga, mashini osokera, ndalama za kubanki kapena puloti imene munagula nokha patauni mungathe kulemba. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limaika mkazi ndi ana patsogolo, ndipo kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu. Wilu ikhale yolembedwa, muisayinire pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandirapo kanthu, nazonso zisayine. Abale anu akuchimuna muwauze mukadali moyo kuti pepalalo lilipo, ndipo mayi a ana adziwe pamene mwalisunga.