Za ulendo wa mwanayu

Eee, msuweni, ndamva. Dikira ndichoke kaye pamsewu, ma minibasi a pa Luchenza pano akusokosa... Eya. Ukuti mwanayu akupita ku London pa ndege, ndiye ukufunsa kuti kuchokera ku Johannesburg kukafika kumeneko ndi kutali bwanji. Makilomita 9,000, kupitirirako pang'ono. Maola 11 ndege ili m'mwamba, osatera paliponse. Koma iwe makilomitawo uchita nawo chiyani, ukufuna umulondole wapansi? Ndimakudziwatu ine.

Wandikumbutsa amalume. Paja iwo anapita ku Joni pa Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito za kumigodi, ndege kuchokera ku Chileka mpaka ku Francistown, ku Botswana, kenako sitima mpaka kumigodi. Chaka chake 1972... ayi, 1973, chifukwa mayi ako anali asanakwatiwe. Ndiye mu 1974 ndege ina ya Wenela inagwa ku Francistown komweko, Amalawi ambiri anathera pomwepo, mpaka Kamuzu analetsa za Wenela. Amalume sanali m'menemo, anali kumgodi, ali bwinobwino. Koma agogo akanadziwa bwanji? Nsima osadya. Tsiku ndi tsiku wapansi kupita kupositi ku Chitakale, kukafunsa kalata. Kalatayo itabwera, mawu ake ochepa, ambiri ofunsa za mbuzi zawo! Pobwera anabwera ndi wailesi ija, ija munkalimbirana ndi achimwene ako. Mpaka kumwalira ankalumbira kuti ali m'mwamba anaona Sapitwa ngati chulu, ndipo palibe ankayerekeza kuwatsutsa. Agogo okha nkhani ya ndege sankafuna n'kuimva komwe, ndipo mantha amenewo tinayamwira tonse, iwenso uli momwemo.

Ndiye tamvera. Maola 11 aja usawerengere okhawo ayi. Chileka kukafika Joni ndi maola awiri ndi mphindi zingapo. Pamenepo adikira, chifukwa za ku London zimakonda kunyamuka madzulo n'kukafika m'mawa. Akatera ku Heathrow, bwalo la ndege la ku London, pali mzere wa mapasipoti, pali kudikira chikwama, komanso simu yakunoyi mwina ikakana kugwira mpaka apeze intaneti. Nthawinso njosiyana, a ku London amatsalira ndi maola awiri, koma kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka Okutobala ndi ola limodzi. Choncho foni yake ikhala zii usiku wonse mpaka dzuwa litakwera, ndipo si kuti kwagwa kanthu. Ali m'mwamba mwanayo, mwina ali mtulo.

Umuuze akutumizire uthenga ali pa Joni asanakwere, basi. Ukaulandira udye, ugone. Wamva? Foni ikakhala chete usayambe kuimbira abusa pakati pa usiku, kapena kudzutsa gulu lonse lino. Ndikubwerezanso, msuweni: usiku umenewo sadzaimba, ndi momwe ulendowo ulili. Ngati tulo tikavuta undiimbire ine, tidikirire limodzi.