Kodi makala a zitsononkho angachotse mankhwala m'madzi?

Mayi wina amene amawerenga zimene ndimalemba pano wanditumizira imelo. Akuti anamva kuti m'mitsinje yambiri mukupezeka mankhwala a kuchipatala, ndiponso kuti makala opangidwa ndi zinyalala za zomera amatha kuwachotsa. Funso lawo n'lakuti: "Ndikawotcha zitsononkho za chimanga, n'kusinja makalawo, n'kumasefera madzi akumwa, kodi mankhwalawo achoka?"

Mayi, zimene munamvazo si zabodza, koma makala amene akatswiri amanenawo si amene mungawotche nokha pabwalo. Kusiyana kwake n'kwakukulu, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni bwinobwino chifukwa nkhaniyi ikukhudza madzi amene mumwe inu ndi ana anu.

Mankhwala amafika m'madzi kudzera mwa ife tomwe. Thupi siligwiritsa ntchito mankhwala onse amene tamwa, ena amatuluka mu mkodzo ndi m'chimbudzi. Enanso amachokera kuzipatala, kumakola a ziweto ndi kumafakitale. Malo ambiri oyeretsera madzi a suweji sanamangidwe kuti azigwira zinthu zoterezi, motero zimangodutsa n'kukalowa mumtsinje. Mu 2022, ofufuza otsogoleredwa ndi yunivesite ya York ya ku England anayeza mitsinje 258 m'mayiko 104. Mwa mankhwala amene anapezeka kwambiri munali carbamazepine wa khunyu ndi metformin wa shuga, ndipo pafupifupi malo amodzi mwa anayi alionse anali ndi mlingo umene ungawononge zamoyo za m'madzi kapena kuthandiza majeremusi kuzolowera mankhwala. Mlingowo umakhala wochepa kwambiri, koma kuchepako kusakunyengeni. Ku Ontario, m'dziko la Canada, asayansi anathira m'nyanja ina yaing'ono timadzi ta m'mapiritsi olera pa mlingo wa magawo 5 kapena 6 okha mwa magawo biliyoni a galamu pa lita iliyonse, ndipo mtundu wina wa tinsomba unatsala pang'ono kutheratu chifukwa unaleka kuswana.

Tsopano za makala. Amene amagwira ntchitoyi amatchedwa activated carbon, ndipo amapangidwa mwa magawo awiri. Poyamba amawotcha zikamba za kokonati, zitsononkho, makoko a nzimbe kapena utuchi pamalo opanda mpweya wokwanira, pa madigiri apakati pa 400 ndi 600. Apa m'pamene makala anu angathere. Gawo lachiwiri ndi limene limasintha zonse: makalawo amawapitsa mu nthunzi yotentha madigiri 800 mpaka 1,000, kapena zinyalalazo amayamba aziviika mu asidi wotchedwa phosphoric acid, kapena mu potassium hydroxide, asanaziwotche. Nthunzi, asidi kapena potassium hydroxide uja amadya makala mkati n'kusiya tizibowo tosaoneka ndi maso, tochuluka zedi moti makoma a tizibowo ta m'galamu imodzi mutawatambasula angakwane masikweya mita 1,000. Magalamu 7 okha angayale bwalo lonse la mpira.

Makalawa satsekereza mankhwala ngati mmene sefa imachitira ndi zitsotso, poti mankhwalawo anasungunuka kale m'madzi. Chimene chimachitika n'chakuti timankhwalato timalowa m'tizibowo n'kumamatira pamakoma. Makoma akachuluka, togwidwa timachulukanso. Makala wamba tizibowo tawo tambiri timakhala totsekeka ndi phula la utsi, choncho amagwira zochepa kwambiri. Angachepetse fungo, madzi n'kuoneka oyera, inu n'kukhulupirira kuti zatheka pomwe mankhwala akadali momwemo. Chimenechi ndicho chimandidetsa nkhawa koposa.

Ngakhale activated carbon weniweni sagwira zonse mofanana. Carbamazepine ndi diclofenac wochepetsa ululu amamatira bwino. Metformin amakonda kwambiri kukhala m'madzi, ndiye ambiri amadutsa. Komanso madzi a mumtsinje amakhala ndi zinthu zochokera ku masamba owola zimene zimalimbirana tizibowo tomweto. N'chifukwa chake ndikawerenga kuti makala ena achotsa pafupifupi mankhwala onse, ndimayamba ndafunsa ngati anayesera m'madzi oyera a mu labotale kapena m'madzi enieni akuda. Tizibowo timadzazanso. Tikadzaza, mankhwala amayamba kudutsa popanda chizindikiro chilichonse, kaya mtundu kaya kakomedwe, ndipo amazindikira ndi okhawo amene ali ndi makina oyezera. Makala odzazawo sungangowataya kudzala, poti mankhwala aja ali momwemo. Amafunika kuwotchedwa pamoto waukulu wa kufakitale, kaya kuti atheretu kaya kuti agwirenso ntchito.

Musaone ngati ndikunyoza nzeru yogwiritsa ntchito zinyalala za zomera. Ndimaikonda kwambiri. Activated carbon wambiri pa dziko lapansi amachokera ku malasha okumba pansi, pomwe zotsalira za m'minda zimangotenthedwa chaka ndi chaka. Kokonati watsimikizira kale kuti chomera chingatulutse makala apamwamba, olimba, osafumbutuka msanga. Mankhusu a mpunga ndiwo amavutako chifukwa ali ndi silika wambiri (chinthu chimene chimapezekanso mumchenga) amene amatsala ngati phulusa.

Koma kwa ine, malo oyenera makalawa ndi pamene madzi akuda akutulukira, kuchipatala, kufakitale kapena kumalo oyeretsera suweji, mankhwala asanamwazike mumtsinje. Dziko la Switzerland linayamba kutsata lamulo lotere mu 2016: malo pafupifupi 100 oyeretsera suweji awonjezere activated carbon kapena mpweya wa ozone kuti azichotsa 80 peresenti ya tizinthu timeneti. Mu 2024 bungwe la European Union linakhazikitsa lamulo lofanana nalo, ndipo makampani opanga mankhwala ndi zodzoladzola ndiwo azilipira gawo lalikulu la ndalama zake.

Pakhomo panu, mayi, mukafuna sefa ya makala gulani yokhala ndi activated carbon weniweni, ndipo muzisintha pa nthawi imene opanga analemba. Musayesere kuviika zitsononkho mu asidi kapena potassium hydroxide nokha, amawotcha khungu ndipo angakuchititseni khungu akagwera m'maso. Kumbukiraninso kuti makala sapha majeremusi, mwinanso majeremusiwo amaswanirana momwemo sefa ikakhalitsa, choncho kuwiritsa madzi kapena kuthira klorini musasiye. Mapiritsi otsala musawataye m'chimbudzi, kafunseni kufamase kapena kuchipatala ngati amalandira mankhwala otha ntchito.