Poyambira pobwereza galamala ya Chingerezi

Achemwali, mwati munasiya sukulu kalekale, tsopano mukufuna kulembanso Chingerezi cha MSCE, ndiye mukufunsa ngati kuloweza buku lonse la galamala kungakupulumutseni. Kulimba mtima kwanuko ndakuyamikira, chifukwa a MANEB sapereka satifiketi kwa amene walakwa Chingerezi ngakhale atakhoza zina zonse. Pamafunika kukhoza maphunziro 6, Chingerezi chili momwemo.

Koma zoyamba bukulo patsamba loyamba zisiyeni. Mudzatha mwezi mukuloweza matanthauzo a mayina ndi aneni, zinthu zoti mumazigwiritsa ntchito kale m'Chichewa tsiku ndi tsiku. Mphamvu zanu zipite pomwe zilankhulo ziwirizi zasiyana njira, poti m'pamene ambirife timataya malikisi.

Yambani ndi aneni, ndipo mukhalitsepo. Ife nthawi timaiika m'kati mwa mawu: ndikudya, ndinadya, ndidzadya. Chingerezi nthawi zambiri chimasenzetsa ntchitoyi timawu tothandizira, ndipo chizindikirocho chimaikidwa kamodzi kokha. Mukanena "did", mwaonetsa kale kuti n'zakale, mneni asasinthenso: "Did you go?" osati "Did you went?" Chimodzimodzi "She knows" koma "She doesn't know", chifukwa s uja wasamukira pa "does". Kusiyana kwa "I have eaten" ndi "I ate" kusakuopseni, kukuyandikana ndi ndadya ndi ndinadya. Chongoti mugwire n'chakuti mukatchula nthawi yomwe inapita, monga "yesterday" kapena "in 2019", "have" asapezekepo. Choyenera kuloweza ndithu ndi aneni osamvera lamulo aja, "go, went, gone", "take, took, taken". Amenewa alibe chidule, tengani ochepa patsiku mpaka akhazikike.

Kenako "he" ndi "she". Zimaoneka zachibwana, koma poti ife "iye" ndi "anapita" timanenera mwamuna ndi mkazi yemwe, munthu amayamba chimangirizo ndi "my mother", pofika mzere wachitatu mayi aja asanduka "he". Mukamaliza kulemba, bwererani n'kuona aliyense payekha.

Timawu ta "a" ndi "the" nato kwathu kulibe. Chinthu mukachitchula koyamba ndi "a", mukachitchulanso ndi "the", ngati momwe timanenera galu, kenako galuyo. Palinso mayina okana kuchulukitsidwa: "advice", "information", "furniture", "luggage". Kulemba "advices" kapena "furnitures" n'kulakwa, ngakhale mumamva anthu ovala mataye akunena choncho.

Chomwe chimandiwawa kwambiri n'chakuti zolakwa zina timaziphunzira pamsewu mpaka khutu kuzizolowera. "Borrow me your pen" ndi Chichewa chovala Chingerezi. Wopereka ndiye "lend", wolandira ndiye "borrow". "Discuss about" nayenso, "about" achoke. Ndipo wina akakufunsani "Haven't you eaten?" inu musanadye, yankho ndi "No, I haven't", pomwe m'Chichewa tikanati eya, sindinadye. Apa musadalire khutu, dalirani lamulo.

Malamulowa sakhala m'mutu mukangowawerenga. Tsiku lililonse lembani ndime imodzi ya zomwe munachita dzulo, chifukwa imeneyo ikukakamizani kugwiritsa ntchito nthawi yakale. Pezani mphunzitsi kapena mwana wa Fomu 4 wakhama akuchongereni, zolakwazo muzizilemba kumapeto kwa kope. Mudzaona kuti ndi zomwezomwezo zimene zikubwerezabwereza, ndiye buku lija muzilitsegula pa mutu wokhawo umene wakuvutani. Mukapeza nyuzipepala ya The Nation kapena The Daily Times, ngakhale yakale, werengani nkhani imodzi mokweza n'kudula mzere pansi pa aneni onse. Mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo muwasiyire miyezi yomaliza, muziwalemba mutatchera wotchi.

Ngati simuchita manyazi, lembani ndime yoyambayo muiike pompano, tikuonetsani pofunika kukonza.